Kupepesa kwa Mayi Ellen

Reina atabwerako ku sikelo ya amayi, anapeza khanda lake lili mutu mbee, lometedwa mpala. Analira mokuwa mpaka aneba awo a ku Woodbridge, ku America, anayamba kusuzumira m'mawindo. Kenako anamenyetsa chitseko cha kuchipinda n'kuyamba kulongedza zovala.

Ometawo anali apongozi ake, Mayi Ellen, amene anabwera kuchokera ku Ntcheu chaka chomwecho cha 1984 kudzathandiza kulera. Kwawo tsitsi lobadwa nalo limachotsedwa mwana akatuluka m'chikuta, ndiye iwo anangotenga lezala osafunsa munthu. Koma Reina anali wa ku El Salvador. Za chikuta akanazimvera kuti?

Mwamuna wake Greyson, dalaivala wa ku ofesi ya kazembe wa Malawi, anafika atatheratu ndi mdipiti wa magalimoto pa msewu waukulu wa I-95. Anamva mbali zonse, mutu n'kuima.

"Amayi, Reina akupita kwa mkulu wake ku Arlington, ndi mwana yemwe. Chonde kapepeseni."

"Ndamuuza kale sore. Akufuna ndigubuduzike pansi?"

"Akuti sore wa Chingerezi aliyense amangomutaya, ngakhale pokupondani m'basi. Akufuna amve m'chilankhulo chawo."

Greyson anakhala pansi n'kuwafotokozera bwinobwino. Mu Chisipanishi, anatero, munthu akhoza kunena kuti *lo siento*, kusonyeza kuti zamukhudza, monga timachitira pamaliro. Akhozanso kunena kuti *perdóname*, ndiye kuti wavomera kulakwa ndipo akupempha kuti amukhululukire.

"Reina akudikira mawu achiwiriwo, amayi."

"Ndalakwa chiyani ine? Iweyo ndinakumeta, wafa? Ndasiya munda wanga kudzazizidwa kuno, lero ndizipempha chikhululukiro kwa kamwana kosadziwa n'kugwada komwe?"

"Mwambo sindikuukana. Koma mwanayo ndi wake, mukanamufunsa."

Ha, Mayi Ellen kuuma mutu anali katswiri. Mawu onse awiri anawagwira msanga, poti sukulu ya mishoni anaiphunzira ndithu, lilime silinali vuto. Vuto linali mtima. Anadzuka, n'kumanga chitenje mwamphamvu, n'kukagogoda. Reina anatsegula maso ali psuu, mwana ali paphewa.

"*Lo siento*," anatero mayiwo, maso ali kudenga.

Reina anadikira. Greyson anadikiranso, thukuta lili kamukamu. Mayi Ellen anapinda manja pachifuwa, osawonjezera kanthu.

"Mama, inenso zandikhudza," anatero Reina m'Chingerezi chake chodukaduka, misozi ikutsika. "Dziko langa ndinalisiya kuli nkhondo, mayi anga sanamuone mwanayu. Tsitsi lija ndimafuna ndidzadule pang'ono ndiwatumizire. Mwalitaya kuti?"

"Ndalikwirira kuseri. Ndi mmene timachitira."

Reina anakoka sutikesi kulowera kukhomo. Greyson anaima pakati pa akazi awiriwo. Kenako analanda sutikesiyo n'kuinyamula yekha, natenganso jekete lake ndi nsapato za kuntchito.

"Nanga nsapatozo n'zachiyani?" anafunsa mayi ake. "Si ukungomuperekeza?"

"Ndikagona konko, amayi."

"Iwe Greyson, undisiya ndekha m'dziko la eni? Ngakhale sitovu yanuyi sindidziwa kuyatsa kwake."

Greyson analemba nambala ya foni ya ku Arlington pakhoma pafupi ndi telefoni, misozi ili lengelenge.

"Mukaimba, adzayankhe ndi Reina. Ine sindidzaigwira foniyo mpaka iye atandipatsira."

Anatseka chitseko pang'onopang'ono, n'kutsatira mkazi wake ku galimoto.