Mchenga M'nyumba ya a Gray

Mchengawo anauona koyamba Lachiwiri m'mamawa, kunja kusanayere. Tusekele anatsika masitepe atavala masokosi okha, ndipo atafika m'kanjira kopita kukhitchini anamva zokhakhala kuphazi. Atayatsa getsi anapeza mchenga woyera, wonyowa, utayambira pachitseko chakumbuyo mpaka pakhomo pa chipinda cha a Gray. Chitseko chakumbuyocho chinali chokiya monga mmene anachisiyira madzulo. Kunja chipale chofewa chinali chitafika m'maondo, moti panalibe poti munthu n'kupondapo mchenga.

Anachita zimene mayi ake anamuphunzitsa kwawo ku Karonga, kuti dzuwa lisamapeze pakhomo posasesa. Anatenga tsache, nasesa bwinobwino, n'kukolopa. Pamene a Gray amadzuka, pansi panali pa mbee.

Munali mu Januwale wa 2014, chaka chimene kunazizira mpaka masukulu kutsekedwa. Nyumbayo inali ku Harlan Point, kamzinda ka anthu osakwana mazana asanu m'mphepete mwa nyanja ya Michigan ku America, ulendo wa ola limodzi kuchokera ku South Bend. Nthawi yotentha kamadzaza ndi alendo a ku Chicago, koma nthawi yozizira nyumba zambiri zimakhala zotseka, golosale imodzi yokha ndiyo imatsegula. Madzi a m'mbali mwa nyanja amaundana n'kuunjikana ngati zulu, ndipo usiku amabuula ngati munthu wodwala. Kuseri kwa nyumba kunali phiri la mchenga limene limasendera chaka ndi chaka. Linali litameza kale mitengo iwiri ndi theka la mpanda.

Tusekele amagona m'nyumbamo masiku asanu pa sabata, kusamalira a Gray, bambo wa zaka 88 amene amayenda ndi choyendera cha miyendo inayi. Mapepala a Tusekele okhalira m'dzikomo anali atatha kalekale, choncho amagwira ntchito pa dzina ndi satifiketi ya msuweni wake Sophia. Ntchito imeneyi ndiyo imasunga mwana wake Mwaiwathu pasukulu ku Mzuzu, ndipo inali ndi lamulo limodzi. Joan, mwana wamkazi wa a Gray amene amakhala ku Indianapolis, analonjeza bambo akewo kuti adzafera m'nyumba yawo, pokhapokha atayamba kusokonezeka mutu n'kumatuluka usiku. Zikadzatero, adzapita kunyumba ya okalamba, ntchito n'kuthera pomwepo.

Mutu wa a Gray unali bwinobwino. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale kwa zaka makumi atatu, ndipo ndi iwo okha m'kamzinda konseko amene anaona kuti mayiyu amachedwa kucheuka akamaitanidwa kuti Sophia.

"Dzina limene mayi ako anakupatsa ndi liti?" anamufunsa tsiku lina, ali awiriwiri.

Anawauza. Iwo anatha sabata yonse akuliyeserera pang'onopang'ono, Tu-se-ke-le, mpaka linakhala bwino pakamwa pawo. Sanalitchulepo pamaso pa munthu wina. Amamusungiranso theka la lalanje lawo m'kambale, atalisenda okha ndi zala zonjenjemerazo.

Lachiwiri lomwelo, akumwa tiyi, anawafunsa za phirilo.

"Pansi pakepo pali mzinda," anatero a Gray. "Agogo anga anabadwira pamenepo. Panali tchalitchi, sukulu, ndi makina ochekera matabwa. Chicago itapsa, anthu anadula mitengo yonse ya paini n'kuitumiza pa sitima. Mitengo itatha, panalibenso chogwira mchenga. Mphepo inayamba kuuthira m'makhonde, kenako m'mawindo. Agogo amati anthu omalizira amalowa m'nyumba zawo kudzera pawindo la m'mwamba."

"Nanga manda awo?"

"Ali pompo. Palibe anawasamutsa."

Usiku umenewo Tusekele sanagone msanga. Mphepo imachokera kumpoto, ikukwapula mawindo ndi timiyala ta chipale. Cha m'ma thuu koloko anamva kuti kete, ngati kiyi akutembenuka. Kenako phokoso lofewa, lalitali, lomveka ngati la mpunga ukuthiridwa m'lichero. Anakhala tsonga pabedi, bulangete lili m'khosi. Phokosolo linayenda pang'onopang'ono m'kanjira kaja, n'kukaima pakhomo pa a Gray. Panapita nthawi yaitali chili zii. Kenako chitseko chakumbuyo chinatsekeka mwaulemu, monga amatsekera munthu wosafuna kudzutsa mwana.

M'mawa mchenga unali wambiri kuposa dzulo lake. Anasesanso. Atasuzumira panja sanaone phazi ngakhale limodzi, pakuti mphepo ya kunyanja imafufuta chilichonse pasanathe theka la ola.

Masana anapita kugolosale kukagula mkaka. Mayi wogulitsa, amene amakonda kumuikira maswiti awiri m'jumbo osanena kanthu, anamuyang'anitsitsa.

"Simukugona, eti? Nyumba imeneyo amainena. Akale amati mphepo ikachokera kumpoto, a pansi pa phiri aja amayendera zidzukulu zawo. Ena amati amamva belu. Ine sindinamvepo, koma usiku sindidutsako."

Atatuluka anaimbira foni Sophia, amene panthawiyo anali pa buleki kuchipatala ku South Bend.

"Asisi, m'nyumba muno mukulowa chinthu."

"Chinthu chanji? Gogoyo akutuluka?"

"Sangathe. Kupita kubafa kokha ndimachita kuwagwira."

"Ndiye tamvera, Tuse. Usaimbire polisi, usauze Joan, usauze aliyense. Akangoripota ku ejensi imene inakupezera ntchitoyo, abwera kudzacheka, ndipo laisensi imene ili m'fayilo mwawo ndi yanga. Ine ndiluza ntchito, iwe akukweza ndege. Wamva?"

"Nanga mchengawu?"

"Aaa, mchenga ukuluma? Sesa, pemphera, ugone. Unabwera ku America kudzaopa mchenga iwe, wobadwira kunyanja?"

Usiku wachitatu zinachitikanso chimodzimodzi, koma ulendo uno chitseko cha a Gray chinalira. M'mamawa Tusekele anagwada ndi tochi n'kuyang'anitsitsa. Mumchengamo munali mapazi. Anali a nsapato zazikulu za jombo, zamizeremizere pansi, pomwe phazi la a Gray linali laling'ono ngati la mtsikana. Pambali pa bedi lawo panali masilipasi awo, atanyowa, odzaza mchenga, iwo ali m'tulo pakamwa pali pululu.

Anatulutsa foni kuti ajambule. Chala chili pabatani, anadzifunsa kuti chithunzicho akaonetsa ndani, ndipo amene akamuonetseyo akayamba ndi funso liti. Anabweza foni m'thumba. Anasesa, nachapa masilipasi, n'kuwaumitsa pa hita.

Lachinayi usiku sanakwere kuchipinda chake. Anazimitsa magetsi onse n'kukhala pansi m'kachipinda kosungiramo zakudya, chitseko atachisiya pang'ono. Mdima unali wandiweyani moti sankaona dzanja lake. Amangomva firiji ikung'ung'udza ndi nyanja ikubuula kutali. Miyendo inachita dzanzi. Anapemphera m'Chinkhonde, chilankhulo chimene anali asanayankhule mokweza kwa zaka zitatu.

Kiyi anatembenuka. Mphepo yozizira inalowa, kenako kuwala kwa foni. Munthu wamtali wovala jekete lakuda analowa atanyamula ndowa, nayamba kuwaza mchenga ndi dzanja monga wofesa mapira. Atawerama, kuwalako kunamugwera kumaso. Anali Dixon, mwana wamwamuna wa a Gray, amene amakhala kumapeto kwa msewu womwewo ndipo amabweretsa zogula Loweruka lililonse. Ndi yemwe uja amadandaula kwa mlongo wake pafoni kuti nyumba igulitsidwe phiri lisanaimeze, pakuti likafika pakhonde palibenso adzaigule.

Mantha a mizimu anamuchoka Tusekele nthawi yomweyo, m'malo mwake munalowa ukali. Anatuluka.

"A Dixon," ananong'ona, "bambo anu omwe?"

Dixon anadzidzimuka, ndowa n'kugunda khoma. Koma sanachedwe kukhazikika. Anamwetulira.

"Ndimadabwa kuti mchenga wanga ukupita kuti," nayenso ananong'ona. "Ndimati ukauona uimbira Joan kuti bambo akutuluka usiku, nkhani n'kutha. Koma iwe kusesa! Ndiye Lachitatu ndinaika kamera pamwamba pa kabati apo. Wandigwirira ntchito kuposa mmene ndimaganizira."

"Ndiwauza a Joan zonse."

"Uwauze. Ukatero ine ndiimbira apolisi kuti m'nyumba mwa bambo anga muli munthu amene sitikumudziwa. Chithunzi cha ku ejensi ndinachiona ine. Sophia ndi wamfupi, amavala magalasi. Iwe ndiwe ndani?"

Dixon anatenga tsache pakona n'kumupatsira m'manja mwaulemu.

"Mapazi angawo," anatero.

Ndipo anasesa, mwini mapazi ataima pomwepo akumuunikira.

Joan anafika Lachisanu masana, maso ali ofiira chifukwa choyendetsa galimoto maola anayi m'chipale. Sanali munthu woipa. Pa Khirisimasi anamugulira Tusekele magolovesi aubweya, ataona kuti ake anali obooka. Anakhala onse anayi pabalaza, Dixon n'kuika foni patebulo. Pakanemapo pamaoneka mayi atagwada m'mamawa ndi tochi, akusesa mchenga mofulumira, akuchapa masilipasi, akucheukacheuka ngati wakuba. Za usiku Dixon anali atazidula.

"Bambo akhala akutuluka kupita kuphiri kuja," anatero Dixon. "Uyu amagona, m'mawa n'kumabisa."

"Bodza!" A Gray anamenya choyendera chawo pansi. "Sindinatuluke m'nyumba muno chiyambire Novembala. Ndingakwere phiri ine? Joan, mwana wanga, tandiyang'ana."

Joan anayang'ana bambo ake, nayang'ana mchimwene wake, ndipo zimaoneka kuti mtima wake wagawanika. Akanaona phazi limodzi lokha la jombo lija, akanadziwa. Koma pansi ponse panali pa mbee.

Pamenepo a Gray anatembenukira kwa munthu yekhayo amene amadziwa zoona, ndipo chifukwa cha mantha anaiwala chinsinsi chimene anachisunga chaka chathunthu.

"Tusekele, auze. Tusekele, mwanawe, auze kuti sindinatuluke."

Joan anatsamira kutsogolo.

"Adadi, mukuitana ndani?"

"Uyu! Dzina lake ndi Tusekele."

"Mwaona?" anatero Dixon motsitsa mawu. "Chaka chonse ali naye, lero sakumudziwa."

Joan anatembenukira kwa Tusekele, misozi ili m'maso. "Pepani, ndikufunseni pamaso pawo, mwina akumbukira. Dzina lanu ndinu ndani?"

Tusekele anaona Mwaiwathu atavala yunifolomu yake yobiriwira. Anaona Sophia akuvula baji yakuchipatala. Anayang'ana pansi, pamene anasesa yekha.

"Sophia," anatero.

A Gray sanakalipe. Anangomuyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu pang'ono ngati mphunzitsi amene wamvetsa chifukwa chimene mwana walembera yankho lolakwa. Patebulo la pambali pawo panali kambale, muli theka la lalanje losendasenda.

Joan sanakamunene Tusekele ku ejensi. Anati zingothera pomwepo, ndipo anamuperekeza yekha pagalimoto mpaka ku South Bend. Njira yonse Tusekele anali atavala magolovesi aja, manja akumuwotcha. Sabata yotsatira a Gray anawapititsa kunyumba ya okalamba cha ku Lawrence, kutali ndi nyanja, ndipo pakhomo pawo anakhomapo chikwangwani chogulitsa.

Tusekele anabwerera pasofa wa Sophia, m'fulati ya m'mwamba mwa nyumba yosanja kawiri. Kutchalitchi amayi amanong'onezana kuti anamuchotsa chifukwa chogona pa shifiti. Ena amati anamupeza akutapa mapazi a mzungu kuti akapangire mankhwala. Iye sanatsutse chilichonse.

Usiku wina mu Malichi, Sophia ali kuntchito, anadzidzimuka cha m'ma thuu koloko. Kunalibe mphepo. Pamasitepe a panja pamamveka chinthu chikukwera pang'onopang'ono: go, kenako khwee, go, kenako khwee. Amalidziwa phokoso limenelo, pakuti analitsatira pambuyo chaka chathunthu popita kubafa. Linafika pakhomo n'kuima. Ndipo kuseri kwa chitseko, motsitsa, mopanda mkwiyo, mawu anatchula dzina lija m'zidutswa zake zinayi, monga mmene ankaliyeserera.

Anatsegula pakamwa kuti avomere, koma mawu sanatuluke.

Kutacha foni yake inalira. Unali uthenga wa Joan: "Sophia, adadi atisiya usiku wathawu. Mpaka pomaliza amaitana munthu amene sitikumudziwa uja. Zikomo chifukwa chowasamalira."

Anatsegula chitseko. Pakhonde panali mchenga woyera, wonyowa, ndipo nyanja inali kutali ulendo wa ola lathunthu. Mumchengamo munali timaenje tinayi tozungulira, ndi mapazi awiri aang'ono opanda nsapato, oloza kuchitseko. Obwerera panalibe.

Sophia anamupeza ataima pomwepo pamene amachokera ku shifiti, tsache lili m'manja.

"Iii, zinyalala zanji izi? Tasesa msanga iwe, alandilodi asanaone."

Tusekele anayang'ana tsachelo, n'kulitsamiritsa kukhoma.

"Ayi, asisi," anatero. "Uwu wokha sindisesa."