Wodzutsa Njinga pa Phiri la Tichka

Marouane ananyamuka ku Ouarzazate pa njinga yamoto dzuwa litalowa kale. Sikunali kufuna kwake. Hammou, mnzake wa kusukulu, anamuchedwetsa ndi nyama ya mbuzi komanso tiyi wa timbewu tonunkhira, kapu ikatha n'kuthiranso ina.

"Gona konkuno, iwe," anatero Hammou ali pakhomo. "Tichka si msewu wa usiku. Chinjinga chakochi chikulemera ngati ngamila yabere."

"Eni ake akuchifuna ku Marrakech m'mawa. Nanga za nyali zake ndikalemba chiyani ndisanaziyese mumdima?"

"Makani ako aja sanathebe. Pita, Mulungu akuperekeze."

Ntchito ya Marouane inali imeneyo. Ogulitsa njinga zamoto ankamubwereka yatsopano, iye n'kuyenda nayo masiku angapo, kenako n'kulemba m'magazini ya ku Casablanca zimene waona, zabwino ndi zoipa zomwe. Koma pa zonse zimene anakwerapo panalibe yofika apa. Inali ya maulendo ataliatali: mpando wofewa ngati wapabalaza, mabokosi a katundu uku ndi uku, galasi lotchinga mphepo, wailesi, ngakhale zogwirira zotenthetsa manja. M'chigwa, pamene msewu unawongoka, injini inkangong'ung'udza pansipansi, osapupuluma. Marouane anamwetulira m'chipewa chake. Mawu oyambira nkhani yake anali atawapeza kale mumtima: njinga iyi imakhululukira woyendetsa chilichonse.

Kenako msewu unayamba kukwera. Midzi inayamba kutalikirana, nyali za m'nyumba n'kumachepa mpaka kutheratu. Wailesi inakhosomola, n'kukhala chete. Mphepo ya m'phiri inalowa m'khosi mwa jekete. Msewu unkapindika ngati njoka, ndipo pokhota paliponse njingayo inkafuna kuinyengerera ndi thupi lonse. Mapewa anayamba kuwawa.

Atadutsa pamwamba penipeni n'kuyamba kutsetsereka, nyali zinaunika manda kumanzere. Manda akale, a miyala yosongoka yopanda maina, mpanda wake utagumuka. Anangocheukirako pang'ono chabe. Pobweza maso, msewu unali utakhota kale, ndipo pokhotapo panali timiyala tokokoloka m'phiri.

Anagwira buleki. Tayala lakutsogolo linaterereka.

Sichinali chingozi chaphokoso. Njinga inangopendekeka pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yotopa, n'kugona. Inagonera mwendo wake wamanzere.

Injini inazima. Zii.

Anakoka mwendo. Ululu unathamanga mpaka m'chiuno. Anakankha mpando ndi mwendo winawo, anakankhanso, mpaka misozi. Chitsulocho sichinasunthe n'komwe. Anatulutsa foni. Netiweki panalibe. Analiza hutala, phiri n'kumubwezera kulira kwake komwe.

Kuzizira kunayamba ndi zala. Kenako mwendo uja unasiya kuwawa, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa koposa. Anakumbukira mkazi wake Ghita, amene iye anamuuza pafoni madzulo kuti asadandaule, afika bwino. Anayamba kupemphera.

Tswa... tswa... tswa...

Mapazi. Ankachokera kumanda.

Marouane anaumitsa thupi. Mapaziwo sankafulumira. Anafika pafupi, n'kuima kumutu kwake.

Anali mwamuna wamtali, wa zaka ngati zake, atavala jekete lachikopa lachikale long'ambika paphewa. Dzanja limodzi linali ndi golovesi, linalo lopanda.

"Mtendere ukhale nanu," anatero Marouane, mano akugundana. "Thandizeni, achimwene. Mwendo..."

Munthuyo sanayankhe moniwo. Anayang'ana njingayo nthawi yaitali, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Zakula masiku ano," anatero.

Anatembenuka, natsamiritsa msana pampando, dzanja lina pachogwirira, lina pachitsulo chakumbuyo.

"Yotere sumainyamula ndi manja. Umaipatsa msana. Ndikati koka, ukoke."

Chitsulo chinalira. Njinga inadzuka!

"Koka."

Marouane anakoka mwendo, nakwawira pambali. Pamene ankatembenuka, njinga inali itaima kale pa chitsulo chake choimikira, ndipo mlendoyo ankasisita thanki ndi dzanja lopanda golovesi lija. Sankapuma wefuwefu. Marouane anaona mpweya wake womwe ukutuluka m'kamwa ngati utsi m'kuzizirako. Anayang'ana pakamwa pa mnzakeyo.

Panalibe utsi.

"Njinga imapita kumene maso apita," anatero munthuyo. "Usamayang'ane manda."

"Nda... ndamva."

"Ndipo usakalembe kuti imakhululuka."

Tsitsi linamuima Marouane. Mawu amenewo sanauzepo munthu. Ngakhale Hammou.

Mlendoyo anamugwira pamkono kumuthandiza kukwera. Kuzizira kwa dzanjalo kunapyola jekete mpaka pafupa. Marouane anatokosa batani. Injini inalira.

"Kwerani kumbuyoku," anatero Marouane. "Ndikakusiyeni kwanu."

"Ine ndinatsikira pompano."

Marouane analowetsa giya ndi phazi lotupalo, nachoka. Anayang'ana pagalasi. Nyali yofiira yakumbuyo inaunika msewu, timiyala, mpanda wa manda.

Munthu panalibe...

Sanayang'anenso. Anatsika phirilo pang'onopang'ono, maso ali pamsewu, milomo ikutchula dzina la Mulungu.

Nyali yoyamba imene anaiona inali ya kanyumba ka tiyi, pamene madalaivala a malole amapumulirapo. Mwini wake, nkhalamba ya ndevu zoyera yotchedwa Bassou, anamuona akutsimphina, namukhazika pafupi ndi mbaula ya makala. Anamuvula nsapato, nakanikiza bondo ndi akakolo.

"Fupa silinathyoke. Wagwera pati, mwana wanga?"

"Pokhota paja pali manda."

Manja a nkhalambayo anaima.

"Chinjinga chili panjacho? Wachidzutsa wekha?"

"Ayi, bambo. Kunabwera munthu. Wamtali, wa jekete lachikopa long'ambika apa. Sindinamuthokoze n'komwe. Ngati mukumudziwa..."

"Golovesi imodzi?"

Marouane anagwedeza mutu kuvomera.

Bassou anadzuka, nathira tiyi m'kapu. Anapatsa Marouane kapuyo. Anakhalanso pansi, maso ali pamakala.

"Ameneyo ndi Addi, mkulu wanga. Anapita ku France kukagwira ntchito m'migodi, nabwerako ndi njinga yaikulu, yoyamba m'chigwa chino. Ana ankaithamangira, ife akuluakulu n'kumanamizira kuti sitikuiona. Usiku wina wa nyengo yozizira ankachokera ku Ouarzazate. Chipale chofewa chozizira chinagwa ngati mvula, msewu anautseka kumtunda ndi kumunsi komwe, iye ali pakati. Anagwera pokhota pomwepo, njinga pamwamba pake. Sanathyoke paliponse, mwana wanga. Ngakhale chala. Tinakamupeza m'mawa ataumiratu, golovesi imodzi ataivula, zikhadabo zitatha ndi kukanda pansi."

Makala anathetheka. Panja lole inadutsa, kulira kwake n'kuzimirira kumtunda.

"Tinamuika m'manda omwewo. Nthawi imeneyo ndinali ndisanakwatire. Lero ndili ndi zidzukulu."

Marouane anayang'ana mkono wake, paja anagwidwa. Panali pakuzizirabe.

"Si iwe woyamba kukhala pampando umenewo," anatero Bassou. "Wadzutsa ambiri, mkulu wangayo."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nduwira imene anakulunga kumutu.

"Iye yekha ndiye anasowa womudzutsa."