Malo Asanu M'buku la Shamada

Odete sanaone tulo. Chimene chinkamudya mtima ndi mawu amene mwana wake Vanda anayankhula madzulo, akumusambitsa kuseri kwa nyumba.

"Amama, Mathero amayankhabe pa shamada."

"Mathero uti?"

"Wa kwa aMatilde. Apulofesolo Anselmo akaitana dzina lake, amati perezente, ndilipo."

Odete anamuwomba pakamwa ndi dzanja lonyowa. Mathero anamuika m'manda mvula ili pakati, ndipo Odete yemweyo anathandiza kusambitsa mtembo. Zikhatho za mwanayo sanaziiwale. Zinali matuza okhaokha ngati za munthu wa ganyu, chonsecho anali wa zaka zisanu ndi zitatu.

Kutacha anamuperekeza Vanda ku shikola.

Shikola ya m'mudzimo, kumtunda kwa Lifidzi, inasintha chibwerereni aFrancisca. Mayiwa anaphunzitsapo zaka zambiri, kenako anapita kumaphunziro apamwamba otchedwa mesitaradu, kukaphunzira kutsogolera shikola kuti itukuke. Anabwerako ali adiretora, mkulu wa shikola, ndi malamulo achilendo. Ana aziwerengedwa mitu, osati mayina okha. Wojomba masiku awiri amulondole kwawo. Kholo lililonse likhale ndi tsiku lokakhala kumbuyo kwa kalasi, kumvetsera. Odete, amene anasiyira kalasi yachinayi bambo ake atamwalira, ankazemba tsiku lake chifukwa cha manyazi. Lero anapita wosaitanidwa.

Za aAnselmo, aphunzitsi a Vanda, anthu ankangonong'ona. Munda wawo wa mbatatesi kudambo unalibe udzu ngakhale umodzi, koma palibe anaonapo waganyu mmenemo. Amayi olawirira kumadzi ankati amamva timakasu tikugunda m'nkhungu, munthu osaoneka. Ana asanu a kalasi yawo anamwalira m'zaka zitatu, onse kuyamba ndi kamfuno.

Odete anakhala pabenchi yomalizira. Kunja dzuwa linkang'amba nthaka, koma m'kalasimo munkanunkha dothi lonyowa la kudambo. AAnselmo, bambo wa imvi ndi jekete lofumbwa, anatsegula buku lawo lakuda n'kuyamba shamada, kuitana mayina. Ana ankayankha mmodzimmodzi. Atafika patsamba lomaliza anatsitsa mawu.

"Mathero."

"Perezente."

Mawuwo anachokera pabenchi yomweyo, pambali pa Odete, pamene panalibe munthu. Anali osasa, otopa, ngati a mwana wofuna madzi. Thabwa linakhotera pansi pang'ono. Mayina ena anayi anatsatira, ndipo onse anayankha. Ana amoyo anangoweramitsa mitu. Anazolowera.

Pamenepo aFrancisca analowa, namayenda m'mizere akukhudza mutu uliwonse.

"Ana makumi asanu ndi mphambu ziwiri. M'buku mwanu muli makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri. Asanuwo ali kuti, aAnselmo?"

"Anachoka."

"Wochoka timamufufuta. Ndakuuzani katatu. Bweretsani kuno."

"Mama, maphunziro anuwo safika m'buku ili."

"Afika lero."

Analilanda, natulutsa kaneta yofiira yolembera, nadula mzere padzina la Mathero. Benchi ya Odete inadzuka ngati wina wanyamukapo, ndipo kamphepo kanatuluka pakhomo.

AAnselmo anabangula. Anatola chitsulo choimbira belu n'kuwamenya aFrancisca padzanja. Fupa linamveka kuthyoka. Chachiwiri chinawapeza pakamwa, mano n'kumwazika pansi ngati chimanga. Ana anathawira pazenera akupondana. Odete anawalumphira kumsana bamboyo n'kuwaluma khutu mpaka magazi kumudzaza m'kamwa. Iwo anamugwetsera pakhoma.

"Mfiti! Mfiti!" anakuwa Odete ali pansi.

Anthu anachokera m'minda ndi makasu awo. Mwala woyamba unawang'amba aAnselmo pachipumi, wachiwiri unawagwaditsa. Amayi ake a Mathero, aMatilde, anawatema paphewa ndi chikwanje. Koma bamboyo anadzuka, mkono ukulendewera, naloza Odete ndi chibwano.

"Malo ndi asanu. Sakhala opanda munthu."

Anaboola mpanda n'kutsetserekera kudambo. Amuna anatsata madontho a magazi mpaka pamsewu wa ku Domwe. Pamenepo magazi anathera, mapazi osaoneka.

Odete anamupeza Vanda pansi pa mtengo, magazi akutsika m'mphuno.

Anathamangira m'kalasi n'kutola bukulo. Kuwerenga kunkamuvuta, koma zilembo zisanu za dzina la mwana wake ankazidziwa. Zinali pamenepo, patsamba lomaliza, pansi pa mzere wofiira uja. Inki inali isanaume.

AFrancisca ankawanyamulira mu shapa, kaminibasi ka ku Ulongwe. Odete anawaonetsa tsambalo. Mayiwo anayang'ana, misozi n'kusakanikirana ndi magazi.

"Ndalakwa ine," anatero movutikira. "Ndimayesa n'kuyeretsa buku basi."

"Ndifufute?"

"Ukafufuta, lilowa la mwana wina."

"Nanga kutentha?"

"Ndi Vanda ali momwemo? Ayi, mwana wanga. Sindikudziwa. Izi sanatiphunzitse."

Pofika madzulo Vanda sankazindikira munthu. Anagona pamphasa maso ali tong'o, timanja tikukwera ndi kutsika ngati akulima. Odete anatigwira kuti tileke, koma tinali ndi mphamvu za munthu wamkulu. Matuza anatuluka iye akuona, n'kuphulika. Anansi anadzaza pakhomo, aliyense atakumbatira mwana wake.

"Fufuta, chigwere kwina," ananong'ona wina.

"Kwina kwake n'kwa ndani?" anafunsa aMatilde. "Kwako?"



M'mawa mwake Odete anabereka Vanda, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo, nalowera ku shikola. Kunalibe mwana ngakhale mphunzitsi. Magazi a dzulo anali atauma pasimenti, ntchentche zikulira. Anamugoneka mwanayo pabenchi yakutsogolo, natola kaneta yofiira pomwe inagwera.

Pakhoma panali pepala la mayina a aphunzitsi limene aFrancisca anamata kuti makolo azidziwa wofika ndi wojomba. Odete anayendetsa chala mpaka anapeza loyamba ndi A. Anayamba kukopera patsamba lomaliza lija, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja monga ankachitira ali mwana. S inayang'ana chammbuyo, anaikonza. Atamaliza, ndi pamene anadula mzere padzina la Vanda.

Anaimirira pamene amaima aphunzitsi.

"Anselmo."

Kenako fungo la dothi lonyowa linadzaza m'kalasi, ndipo benchi yomalizira inalira ngati ithyoka. Pansi pake panayamba kudontha magazi atsopano.

"Perezente," anayankha mawu a munthu wamkulu, mano akukukutika.

Timanja ta Vanda tinagwa phee. Mwanayo anatsokomola, natembenuka.

"Amama, ndili ndi ludzu."

Odete sanacheuke msanga. Anali kuyang'ana mayina anayi otsalawo, ndi pepala la pakhoma, ndi kaneta m'dzanja lake. Kenako anatseka bukulo, nalikulunga m'chitenje pamimba, n'kunyamula mwana wake.