Tenti Yoyera ya Fyness

Ku Palabana, m'mbali mwa msewu wa fumbi, kunali khomo la Ba Tenson ndi akazi awo Ba Justina. Anachokera ku Katete kalekale, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ng'ombe zamkaka zowerengeka komanso mwana wamkazi mmodzi, Fyness. Chuma analibe, koma anali ndi dzina. Mkaka wa Ba Tenson munthu sankauyang'ana kawiri. Anthu a m'maploti atsopano, aja olawirira ku Lusaka m'mawa n'kubwera madzulo, ankangosiya mabotolo pageti, mtima uli m'malo.

Wogawa mkakawo anali Fyness. M'mawa uliwonse, akatha mapemphero, ankamanga zigubu panjinga n'kuuyatsa ulendo. Anali mtsikana waulemu ndi wolimbikira ntchito, moti palibe anadabwa pamene Gershom, mphunzitsi wachinyamata wa mumpingo mwawo, anamufunsira ukwati.

Komiti ya ukwati inakhala pansi n'kupima mphamvu zake. Inagwirizana kuti phwando lidzachitikira m'holo ya tchalitchi, pamabenchi aulere, ndipo amayi a mumpingo ndiwo adzaphike. Wodzapanga keke anali Lister, mlongo wake wa Gershom. Kamwana ka Lister, Trinity, ndiko kanasankhidwa kudzalowa kakuvina ndi mpeni wodulira keke, monga zimakhalira pamaukwati a kuno. Kamwanako kanaitenga ntchitoyo ndi mtima wonse. Fyness akangofika ndi njinga, kankathamangira kukhitchini, kutenga mthiko m'malo mwa mpeni, n'kuyamba kudumphadumpha pabwalo.

"Anti, onani. Nizavina so pa ukwati wanu."

Zonse zinali bwino mpaka tsiku limene Fyness anacheza pageti la Ba Jessica. Mayi ameneyu anali kasitomala watsopano, ndipo ntchito yake inali yokongoletsa maukwati. Pakamwa pake panali potsekemera kuposa keke.

"Namvela ukwatiliwa. Phwando izankala kuti?"

"Mu holo ya ku tchalitchi, Ba Jessica."

"Pa mabenchi? Iwe mwana, ni ukwati olo ni malilo?"

Anatulutsa foni n'kuyamba kumuonetsa zithunzi. Munali tenti yoyera mbee, mipando yopaka golide, chipata cha maluwa, ndi nsalu zolendewera kuchokera kudenga. Fyness anayang'ana mpaka kuiwala kuti mkaka uli padzuwa.

"Ukwati ni kamozi chabe," anatero Ba Jessica. "Bantu bazaibala vamene banadya, koma mapikicha siyafa. Uzilipila pang'ono pang'ono. Koma nikuuziletu, ndalama ikangena kwa ine siibwelela."

"Manje nizaipeza kuti?"

Ba Jessica analoza zigubu ndi mlomo n'kuseka. "Ng'ombe imamwa manzi, si so? Mkaka na manzi ni pachibale. Azaziba ndani?"

Madzulo ake Fyness anayesa kupempha makolo ake za tentiyo. Amayi ake anapukusa mutu.

"Mwana wanga, ine na atate ako tinadyera ukwati pansi pa mtengo, ndipo tikali pamodzi. Tenti amaipasula mawa lake. Iwe konzekera nyumba, osati chithunzi."

"Zimene komiti yakwanitsa ndizo Mulungu watipatsa," anawonjezera Ba Tenson. "Usachite manyazi na mabenchi amene umakhalapo popemphera."

"Namva, atate," anayankha Fyness. Anamva ndi makutu okha. Mtima unali utalowa kale m'tenti, utakhala pampando wagolide.

Anayamba ndi kabotolo kamodzi ka madzi a pamjigo, kobisa m'chikwama. Akafika pokhota msewu ankathira m'chigubu, ndipo mkaka wowonjezekawo ankagulitsa kwa makasitomala akeake. Tsiku loyamba anathira akucheukacheuka. Posakhalitsa ankathira akuimba nyimbo ya kwaya. Kwawo ananama kuti tenti ndi mphatso yochokera kwa Ba Jessica.

Koma Ba Jessica sankatha mawu. Tenti yopanda kapeti, ankatero, ndi khola chabe. Kapeti itatheka panabwera nkhani ya magetsi othwanima, kenako diresi lachiwiri losinthira madzulo. Kabotolo kaja kanachepa. Kunyamula chigubu cha madzi kuchokera kunyumba sikukanatheka, chifukwa maso a Ba Justina sankaphonya kanthu. Choncho Fyness anayamba kupatukira kudambo la m'mbali mwa msewu, kumene ng'ombe za anthu zimamwera. Inali nyengo yotentha, madzi ataima n'kubiriwira. Ankawasefa ndi nsonga ya chitenje, akudziuza kuti aliyense amawiritsa mkaka asanamwe.

Tsiku lina Ba Tenson anamuitana kukhola.

"Fyness, niyang'ane. Amayi ena ku tchalitchi akuti mkaka wathu siuyala mafuta pamwamba. Umafika kwa anthu monga mmene umachokera pano?"

"Ni nyengo, atate. Msipu wauma."

Bamboyo anamuyang'ana m'maso. Ankamukonda mwana wake, ndipo anasankha kumukhulupirira.

"Chabwino. Koma ukumbuke kuti mkaka uyu umalowa m'kamwa mwa ana a anthu. Uziopa Mulungu pa chigubu chilichonse."

Apa m'pamene Fyness akanagwada n'kuulula. Sanatero. Ukwati unali pafupi, ndipo magetsi othwanima anali asanalipiridwe.

Chikumbumtima chake chinali chitatsala pamalo amodzi okha. Botolo la kwa Lister ankalidzaza padera asanafike kudambo, kuti apabanja amwe mkaka weniweni. Koma m'mawa wina, mutu uli kwa telala ndi kwa Ba Jessica, anaiwala. Anakumbukira ataima kale pakhomo la Lister, zigubu zonse zitasakanizidwa. Trinity anali akuvina ndi mthiko wake. Fyness anadzaza botolo, maso ali pansi.

"Muwilitse bwino, mulamu," anatero motsitsa mawu.

Lister anaseka. "Uyu ni wa mabisi ya Trinity. Unaonapo kuti munthu awilitsa mkaka wa mabisi? Timangousiya usase weka. Ndipo mkaka wa atate ako ni waukhondo, sitiukayikila."

Fyness anatsegula pakamwa. Mawu anali pamilomo penipeni. Nthawi yomweyo foni inalira, Ba Jessica akufunsa ngati maluwa akhale oyera kapena ofiirira. Fyness anakwera njinga akuyankha za maluwa, botolo n'kutsala m'manja mwa Lister.

Sabata ya ukwati itayamba, Trinity anadwala. Kusanza ndi kutsegula m'mimba kunamugwira mwamphamvu. M'makomo ena a m'maploti munamvekanso zomwezo, koma akuluakulu anapirira n'kuchira. Kamwanako anathamangira nako kuchipatala kataphwa kale, maso atalowa m'kati. Madokotala anayesetsa. Trinity anamwalira keke imene ankafuna kuivinira isanaphikidwe.

Uthenga unafika kwa Ba Tenson iwo akutsuka zigubu, poti Fyness masiku amenewo anali wotanganidwa. Analowetsa dzanja pansi pa chigubu chimodzi, ndipo linatuluka ndi mchenga komanso ndere zobiriwira. Anakhala pansi. Kenako anaitana mwana wawo n'kumutambasulira dzanjalo.

"Ng'ombe zanga sizitulutsa ndere, Fyness."

Mtsikanayo anagwa pansi n'kulira, ndipo anaulula zonse, kuyambira kabotolo mpaka dambo. Ba Justina anagwira kumutu. Ba Tenson sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Vala nsapato. Ukakambe wekha pamaso pa amake mwana."

Zimene zinachitika kuseri kwa nyumba ya maliro zinali zowawa kuziona. Lister atamva anakomoka. Gershom anaima chilili, nkhope itauma, akuyang'ana mkazi amene ankati akhale naye moyo wonse.

"Unauzidwa kuti ni wa mabisi ya mwana?" anafunsa.

"Eya."

"Ndipo unachoka?"

Fyness anavomera ndi mutu.

"Ine n'nakupemphapo tenti? N'nafuna iwe chabe, ngakhale pa benchi." Anatembenuka n'kubwerera kwa mlongo wake. Amenewo ndiwo anali mawu ake omaliza kwa Fyness.

Tsiku loti mawa lake ndi ukwati, galimoto ya Ba Jessica inaima pakhomo la Ba Tenson, itadzaza mipando ndi nsalu. Mwiniwake sanatsike n'komwe. Anangotsitsa galasi.

"Namvela vamene vachitika, pepani. Koma ndalama siibwelela, n'nakamba kudala. Manje tiimike kuti?"

Ba Tenson anayang'ana katunduyo, kenako anayang'ana dzuwa limene linkawamba anthu ku nyumba ya maliro.

"Kaimikeni kumene kuli anthu olira. Maluwa na magetsi mubwerere nazo."

Choncho pa tsiku lenileni la ukwati, tenti yoyera ija inaima pabwalo la Lister, pamalo omwe Trinity ankavinira ndi mthiko. Abale a ku Katete amene anabwera kudzadyerera ukwati anakhala pamipando yagolide, mitu ili pansi. Kwaya imene inakonzekera nyimbo za chimwemwe inaimba za maliro. Fyness anakhala padothi, kutali ndi anthu, atafunda chitenje kumutu. Tenti yake anaiona yonse, yokongola monga mmene inalili pafoni, ndipo anaona kabokosi kakang'ono kakutuluka m'menemo. Palibe anajambula chithunzi.

Ba Tenson anayenda khomo ndi khomo kupepesa, ndipo nkhani inakafika kwa a boma. Mabotolo sanaikidwenso pamageti. Ng'ombe zinagulitsidwa, ndipo dzina limene bamboyo analisunga moyo wake wonse linapita nazo. Gershom anapempha kusamutsidwira sukulu ina. Fyness analapa pamaso pa mpingo ndi misozi yeniyeni, ndipo tikukhulupirira kuti Mulungu amakhululukira wolapa. Koma kulapa sikunadzutse Trinity.

Inu achinyamata amene mukukonzekera ukwati, kukongoletsa si tchimo. Tchimo limayamba pamene maso asirira zimene manja sangakwanitse, munthu n'kuyamba kunama ndi kuba kuti aoneke bwino kwa tsiku limodzi. Pimani phwando ndi mphamvu zanu, mverani makolo akamakuchenjezani, ndipo ngati mwayamba kale chinyengo, ululani lero mawu akadali pamilomo. Chinyengo chimene mukuchiyesa chaching'ono sichidzapweteka inu nokha. Chidzalowa m'nyumba ya munthu wosalakwa, ndipo misozi yanu siidzabweza chimene chatayika.