Rauta ya pa Mtsuko

Anakumana pa siteji ya minibasi ku Nchalo, dzuwa likuswa mtengo. Jennifer anali atakumbatira laputopu yake pachifuwa.

"Mwaigwira ngati khanda, ikudwala kodi?" anafunsa mnyamata wina uku akumwetulira. Anali Chancy, wokonza makompyuta pamsika pomwepo.

Pasanathe mwezi, foni ya Jennifer sinkapumanso. "Duwa langa, wadzuka bwanji? Popanda iwe ndine bwato lopanda nkhafi." Mwana wa eni, mtima dyokodyoko!

Jennifer ankachita kosi ya pa intaneti, ndipo akakhoza mayeso, ntchito inkamudikira ku Blantyre. Chancy ndiye anamulumikizira rauta, kamakina ka intaneti, kunyumba kwake. "Phunzira bebi, ine ndili pambuyo pako mpaka imfa."

Koma vuto linayamba. Kalasi inkalowa 2 koloko masana, ndipo ikangokwana 2, intaneti zii!

"Ndi kutentha kwa kuno ku Chigwa," anatero Chancy. "Rauta imakomoka. Uziyiika pa mtsuko izizizidwa."

Ndani akanatsutsa? Kwathu kuno chilichonse chikafa timanamizira dzuwa. Jennifer anaikhazika pa mtsuko, n'kumaikupiza ndi katoni, misozi ili mbwembwembwe. Anazimitsa n'kuyatsanso, anasintha mawaya, osathandiza. Miyezi inayi makalasi akumudutsa!

Kenako Juni anafika ndi chiperoni, anthu n'kuvundukula majuzi. Kutatsala tsiku limodzi kuti alembe mayeso, 2 koloko itakwana, intaneti ziinso. Kutentha kwake kuti? Nanga bwanji foni inkagwira pa rauta yomweyo?

Anaitembenuza rauta ija, napeza manambala olowera atalembedwa kunsi. Anawalemba pafoni, tsamba loyendetsera rautayo n'kutseguka. Anawerenga kawiri: "Laputopu ya Jenni: yotsekedwa 2 mpaka 4 koloko, tsiku lililonse."

Anamuimbira Chancy, ndipo atafika anangomuonetsa foniyo.

"Dzuwa lako lija ndi ili?"

Chancy anazyolika. "Ndimaopa, Jenni. Ukapita ku Blantyre ukapeza a magalimoto, ine ukandiiwala. Ndinachita chifukwa chokukonda."

"Kundikonda? Unkandipukuta misozi ndi dzanja lomwe unatsekera! Ndinkadziona ngati mbuli, iwe ukudya nane mbale imodzi!"

"Ndikhululukire, duwa langa. Ndikumangira banja, sudzasowa kanthu."

"Ukanandiuza kuti ukuopa, tikanalira limodzi. Panopa ndikuwawidwa, sindibisa, koma ku Blantyre ndikupita. Ona."

Iye akuyang'ana, Jennifer anachotsa chotsekacho, nasintha pasiwedi. Kenako anatsegula chitseko n'kuima pambali.

M'mawa mwake anadzuka maso atatupa. Itakwana 2 koloko, anakhala patsogolo pa laputopu, mtima uli m'mwamba. Tsamba la mayeso linatseguka bwinobwino.

Foni inalira, unali uthenga wa Chancy. "Duwa langa, tikambirane chonde."

Jennifer anaivundikira patebulo, nayamba funso loyamba.