Bomba Lomwe Silinalembedwe pa Mapu

A Kassimu anapunthwa pa mwala woyamba m'bandakucha, akutuluka kukaitanira anthu ku mzikiti. Unali pakhomo penipeni, wopaka penti wofiira, ngati ija ankaika ochotsa mabomba posonyeza pamene pali imfa. Mkuluyu, amene akakuwa ku Mitande atambala a ku Mandimba amachita manyazi, tsiku limenelo mawu ake anatuluka ngati a mwanapiye.

Muyenera kudziwa kuti nthawi ya nkhondo a Kassimu anali msilikali, ndipo ndi iwo anakwirira mabomba m'munda wa kuseri kwa chulu. Mkulu wa asilikali analemba pa mapu: asanu ndi atatu. Nkhondo itatha kunabwera mnyamata wa ku Cuamba, dzina lake Fábio, ndi kamakina kolankhula ndi zam'mwamba, koti ukaima pamalo kamatchula manambala ake. Anafananiza ndi mapu a asilikali, anzake anafukula asanu ndi atatu, munda wonse pa kompyuta unasanduka wobiriwira, kusonyeza kuti mulibenso bomba. Atafunsidwa ngati latsala lina, a Kassimu anapukusa mutu.

Koma linalipo lachisanu ndi chinayi. Chaka cha njala a Kassimu anali atalitchera okha m'munda womwewo, m'njira ya nguluwe, kuti aidye mobisa. Msilamu, nguluwe! Akanaulula bomba, akanaulula ndi nyama yomwe. Nguluweyo sinabwere n'komwe, ndipo malo enieni anawaiwala.

Tsopano munda uja unapatsidwa kwa mayi Ednah, wamasiye wochokera ku Malawi, ndipo mvula inali pafupi. Iwo ndi ana awo anali atayamba kale kugalauza kuchokera kumsewu, mzere ndi mzere, kulunjika ku chulu.

Usiku wachiwiri a Kassimu sanagone. Mdima unali wokhuthala woti ukhoza kuudula ndi mpeni. Anamva malata akuthetheka pozizira, kenako mapazi opanda nsapato, pang'onopang'ono, kenako kugogoda kumodzi kwa mwala pa dothi louma. Anafuna kudzutsa akazi awo a Asima, koma dzanja linakana kutuluka m'bulangete. M'mawa miyala inali iwiri.

Anthu anayamba kunong'ona. Ena ankati ndi mizimu ya ophedwa pankhondo, ena ankati kamakina ka Fábio kanazindikira bodza ndipo kakutumiza miyala kuchokera kumitambo. A Kassimu ankaseka nawo. Masana akamva khasu la mayi Ednah likugunda, ankatseka maso kudikira.

Pofika Lachinayi miyala inali isanu ndi itatu. Usiku umenewo mapazi sanamveke. Kunangolira galu kutali, kumbali ya chulu, n'kusiya mwadzidzidzi. M'mawa pakhomo panalibe chatsopano. M'malo mwake anabwera mayi Ednah, khasu lili paphewa, kudzanena kuti apeza mwala wofiira pakati pa udzu, mizere itatu kuchokera pomwe analekezera dzulo.

"Ndimati ndiusunthe, bambo, ukutchinga khasu."

"Musaukhudze, mayi," anatero a Kassimu monong'ona. "Ana anu ali kuti?"

Ana anali kumunda. A Kassimu anathamanga liwiro loti kofia yawo ya kumutu inafika kunyumba mawa lake. Atawatulutsa anawo m'mundamo, anaulula zonse pamaso pa anthu, mpaka za nguluwe. Palibe anaseka. Mayi Ednah anangofunsa ngati nyama yosadyedwa inali yolemera kuposa miyendo ya ana awo.

Fábio anabwera, tsopano wa imvi. Pansi pa mwala uja anapeza bomba, ladzimbiri koma lamoyo. Ku mzikiti akuluakulu anaika munthu wina woitanira anthu m'malo mwa a Kassimu.

Madzulo a Asima, akusenda chinangwa, anavomera kuti miyala ya pakhomo ankaika ndi iwo, yotola m'mbali mwa msewu wakale. Anati zaka makumi atatu atopa kumva amuna awo akuwerenga m'tulo, akafika pa asanu ndi atatu n'kuyamba kulira.

"Nanga uja wa kumunda munadziwa bwanji malo ake?"

Mpeni unaima.

"Ine ndimayesa ndinu, bambo. Usiku umene uja simunadzuke?"

A Kassimu anati sanadzuke. A Asima anati nawonso sanadzuke. Anakhala pamenepo mpaka moto unazima, aliyense akudikira mnzake kuti ayambe kulowa m'nyumba.