Majombo a Zigamba

Upile ankapinda zovala pabalaza pamene mayi ake analowa atagwira foni.

"Siya kaye zimenezo! Gulu la adadi ako adzalipatsa ulemu ku Indianapolis Loweruka. Ati abweretse majombo aja, akawaonetse kwa anthu."

Upile anasiya kupinda, thaulo lili m'manja.

Bambo ake, a Edmond, ankagwira ntchito kuchipatala ku South Bend. Loweruka lililonse ankadzipereka kumtsinje pamodzi ndi anzawo, kuchotsa zinyalala ndi kubzala mitengo m'mbali kuti nsomba za samoni zipeze madzi ozizira pokwera kukaikira mazira. Ankavala majombo aatali ofika m'chifuwa. Akabooka, ankawamata ndi zidutswa za chubu cha njinga monga ankachitira kwawo ku Balaka.

Mwezi wapitawo, mnzake wakusukulu, Tiffany, atabwera kudzacheza anagwira mphuno pakhomo pamene panali majombowo.

"Chafa n'chiyani muno?" anaseka.

Tiffany atapita, Upile anatenga majombowo n'kuwaponya m'bini panja. Bambo ake sanafunsepo kanthu.

Tsopano sabata yonse chakudya sichinkamulowa. Popemphera madzulo ankangosuntha milomo. Loweruka anakwera galimoto kupita ku Indianapolis asanaulule zimene anachita.

Atalowa mu holo, anaima chilili. Majombo aja anali patebulo lakutsogolo, zigamba zakuda zikuonekera, anthu akuwajambula. Mayi wina waimvi wa m'gululo anauza anthu kuti a Edmond anaphunzitsa onse kumata majombo, ndipo palibenso amene amataya ake.

"Amami, awapeza kuti?" Upile ananong'ona.

"M'bini. M'mawa mwake, lole ya zinyalala isanafike. Adadi ako anawatsuka, ndipo kuyambira tsikulo amawasunga kubuti kwa galimoto. Anati mwana asamachite manyazi anzake akabwera."

Anthu anaomba m'manja. A Edmond anatsika pansanja akumwetulira mwamanyazi, atakolekera majombo paphewa.

Upile sanadikire kuti afike pampando. Anawachingamira pakati pa holo, nagwada monga anamuphunzitsira mayi ake, anthu onse akuona. Fungo la mtsinje linamufika, koma sanatembenuze nkhope.

"Iwe, dzuka, pansi n'pozizira," anatero bambo ake motsitsa mawu.

"Ayi, adadi. Ndine ndinawataya. Ndinachita nanu manyazi." Anakweza mawu. "Ndikhululukireni."